Chikepe Chimodzi cha mu Kabula

Ana anga, za ubwana wanga m'minda ya tiyi ku Thyolo ndazilumpha dala, poti munazimva mpaka makutu kuwawa. Pano ndilemba za ntchito yanga ya zikepe, zija achinyamata a lero akuti malifiti, ndi za chaka chimene ndinatsala pang'ono kusamukira ku Sozibele, mzinda umene tsopano mukuti Harare. Agnesi, iwe makamaka uwerenge modekha. Nkhaniyi ndi yako, ngakhale unali wamng'ono kosati n'kuikumbuka.

1954, Limbe

Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula mabelo m'nyumba yosungiramo fodya, pafupi ndi njanji. M'nyumbamo munali chikepe cha katundu, chibokosi chachitsulo chimene chinkakwera ndi kutsika chikubuula ngati ng'ombe yodwala. Nthawi ndi nthawi kunkabwera mzungu wochokera ku Sozibele kudzachikonza. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye tinkangoti Bwana Kaliwo, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale fodya atazima. Musaganize kuti anandisankha chifukwa cha nzeru, ayi ndithu. Tsiku lina ankafuna munthu woti alowe m'dzenje la pansi pa chikepe kukapala girizi wakale, ndipo mwa amuna onse amene tinaima pamenepo, woonda ngati bango ndinali ine. Anandiloza ndi kaliwo uja nati m'Chinyanja chake chokhotakhota, "Iwe, lowa." Ndinalowa. Ndili m'dzenjemo ndinakweza maso n'kuona chitsulo chonse chija chili lende pazingwe, pamwamba penipeni pa mutu wanga. Abale, mantha ndinachita, koma chidwi chinaposa mantha. Nditatuluka ndinamufunsa kuti chimagwira chibokosicho n'chiyani kuti chisagwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananditengera kudenga kukandionetsa injini ndi mabuleki. Mwezi usanathe kampani yake inali itandilemba.

Ntchitoyo inali ya kusowa. Kachitsulo kalikonse kakathyoka, kankachokera ku Sozibele, ndipo kankafika anthu ataiwala kuti anakaitanitsa. Zikopa za mabuleki ndinkadula pa malamba akale a chigayo. Girizi akatha ndinkakapempha kwa anzanga okonza sitima, iwo n'kumandiseka kuti, "Wabwera wopemphetsa wa kumwamba uja." Bwana Kaliwo akabwera ankayendera zonse osanena kanthu, n'kugogoda kaliwo pachitsulo kawiri. Kumeneko ndiye kunali kuyamikira kwake, kwina kunalibe.

Pa nthawiyi n'kuti nditakwatira kale mayi anu, a Veronika, ndipo ndinkakhala pachikamwini ku Nancholi. Makolo awo, monganso anga, anachokera kuseri kwa Mulanje, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Mwini mbumba pamudzipo anali atsibweni awo, a Jowakimu, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyankha. Akamakupatsa moni ankayamba wagwira nsalu ya malaya ako ndi zala ziwiri, ndipo unkadziwira pankhope pawo ngati telala wako anakubera. M'mawa uliwonse tinkapalasa njinga limodzi kudutsa Naperi, iwo patsogolo ine pambuyo, monga mkamwini wolangika.

1956, m'tauni

Chaka chimenechi, Chitaganya cha maiko atatu chija chili pakati, anamanga nyumba ya nsanjika zinayi mu msewu waukulu wa mu Kabula, ndipo kampani yathu inaikamo chikepe chonyamula anthu. Chinali chokhacho cha mtundu umenewo chimene tinkasamala m'dziko muno. Ha, koma chinali chokongola! M'kati matabwa onyezimira, kalilole kumbuyo, chitseko cha zitsulo zopingasa chotseka mwaulemu. Anthu ankachokera ku Ndirande ndi ku Manja kudzangoima pakhomo kuonerera azungu akulowa m'kabokosi n'kuzimiririka. Mayi wina anandikoka ovolosi n'kundifunsa monong'ona ngati amene alowawo amabwereranso. Ineyo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, sipanala ili m'thumba lakumbuyo kuti aliyense aione. Ndinkayesa kuti pa dziko lapansi palibenso ntchito yoposa pamenepo.

1957, Sozibele ndi Bulawayo

Kampani inanditumiza kukaphunzira ntchito kwa miyezi ingapo. Ndinakwera basi yodzera ku Mwanza ndi ku Tete, tinaoloka Zambezi pa pantoni, chibwato chonyamula magalimoto, ndipo tinalowa mu Sozibele dzuwa likupendeka. Ana anga, ndilibe mawu okwana. Ndinatsika basi n'kuima pamalo amodzi chipewa chili m'manja, khosi litapindikira kumwamba, mpaka munthu wa njinga anandikalipira kuti ndichoke mumsewu. Nyumba yanga ya nsanjika zinayi ija, imene ndinkanyadira, kumeneko ikanakhala khitchini. Misewu inali yoongoka ngati yolemba ndi lula, yopanda matope ngakhale chithaphwi chimodzi. Mdima utayamba kugwa, magetsi ofiira ndi obiriwira anayamba kulemba mawu pamakoma, kuwafufuta, n'kuwalembanso okha. M'mawa ndinaona mabotolo a mkaka atasiyidwa pamakomo popanda wowalondera, ndipo ndinadziuza kuti kuno ndiye kwafika anthu.

Tsiku loyamba kuntchito, Bwana Kaliwo anandikweza padenga la chikepe cha nyumba ya nsanjika zoposa khumi. Ife okonza sitinkakwera m'kati, tinkaima pamwamba pa bokosilo, pambali pa zingwe. Anadina batani, ndipo makomo a nsanjika anayamba kutidutsa, limodzi, lina, linanso, mphepo ikuwomba kuchokera kumwamba, makutu akutsekeka. Pakati pa ulendo chitsulo cholemera chimene chimathandiza kukoka chinatidutsa chikutsika, mwakachetechete, pafupi moti ndikanachikhudza. Ndinapezeka ndikutchula dzina la Mariya mokweza. Bwana Kaliwo anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione mano ake. M'nyumba imodzi yokhayo munali zikepe zitatu zoyandikana, zotsegula zitseko zokha, zodziwa zokha nsanjika imene munthu waitanira. Ndinkagona ndikulota mawaya ake.

Kenaka ananditumiza ku Bulawayo. Kumenekonso ndinangoti kukamwa yasa, koma mwa mtundu wina. Misewu yake ndi yotakata moti ukayamba pemphero poyamba kuoloka, umafika tsidya lina utanena amen. Sitima zinkalowa ndi kutuluka tsiku lonse, mafakitale akufuka utsi, anthu ake ataliatali olankhula mothetheka lilime. Koma kunali kouma, mphepo yake yong'amba milomo, ndipo madzi ankawasamala ngati mafuta. Ndikamayerekeza m'mutu mwanga, Bulawayo unali mzinda wogwiramo ntchito, Sozibele unali mzinda wokhalamo, ndipo Kabula, ndi matope ake ofiira ndi chiperoni chake, anali mudzi wovala nsapato. Zoipa zinaliko, sindibisa. Chitupa chololeza munthu wakuda kukhala mumzinda chinkayenera kukhala m'thumba nthawi zonse, ndipo zikepe zimene manja athu ankazisamala, munthu wakuda sankaloledwa kukwera m'kati mwake nthawi ya ntchito. Koma ine zimenezo sizinkandiluma kwambiri masiku amenewo, poti malo abwino pachikepe ndi padenga pomwepo.

1958, Nancholi ndi Sozibele

Nditabwerera kumudzi, Bwana Kaliwo anakwezedwa kukhala mkulu wa okonza onse. Atabwera kudzayendera chikepe chathu chija, anandiitanira m'chipinda cha injini nati, "Matiyasi, ndikufuna iwe. Sankha, Sozibele kapena Bulawayo. Udzakhala kapitawo, anthu ako, nyumba ya njerwa ya banja, mpopi pakhomo. Kuno zikepe palibe." Ankanena zoona. Munthu wa zikepe kukhala mu Kabula kunali ngati msodzi kumanga nyumba pamwamba pa phiri la Ndirande. Ndinasankha Sozibele asanamalize n'kulankhula komwe. Anandipatsa mpaka ulendo wake wotsatira kuti ndikonze za kunyumba, ndipo ndinapalasa njinga kupita ku Nancholi ngati wothamangitsidwa ndi njuchi.

Mayi anu anamvetsera zonse akuyamwitsa Petulo, iwe Agnesi uli ndi zaka zinayi ukusewera pakhonde. Nditamaliza anangoti, "Zamveka, bambo a Agnesi. Koma ine ndili ndi eni ake. Kawauzeni." Ndiye Lamulungu lotsatira ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndinapempha chitengwa, ndiko kuti andilole kutenga mkazi ndi ana kuchoka nawo pamudzi wa kuchikazi. Ndinalankhula za mpopi, za sukulu, za chipatala. A Jowakimu anamvetsera akusisita chipewa chawo pabondo, kenaka anati, "Akamwini, mwana wathu sitimutumiza kumene phazi lathu silinapondeko. Mchemwali wake atatengedwa kupita ku Chiradzulu, ndinapita kukaona khomo, ndinaona potunga madzi, ndinaona pogona. Sozibele si kumwamba. Ndikaone ndekha." Anthu onse anaseka, poti munthuyu chibadwire anali asanapitirire Luchenza. Koma a Jowakimu sanaseke nawo. Sabata yomweyo anafunditsa nsalu makina awo osokera, nadzisokera jekete yatsopano ya paulendo.

Apa ndi pamene ndinadziona wochenjera. Ndinati m'mtima, mkuluyu ndikamuonetsa zokoma zokhazokha mpaka mutu umuzungulire, ndipo akabwerako adzachita kutiperekeza yekha kudepoti. Ndinapempha tchuthi, tinakwera basi ya ku Tete ija, tinakafikira kwa mnzanga wa pakampani yathu, wa ku Chiradzulu, amene anali ndi nyumba m'lokeshoni yatsopano. Ndinawaonetsa mpopi, anatsegula, anatseka, anatsegulanso. Ndinawaonetsa sukulu ya mawindo a galasi, ana onse atavala nsapato. Ndinawayendetsa m'misewu ya masitolo akuluakulu, ndipo pawindo lina pamene panali masuti anaima mpaka miyendo yanga inatopa, mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi. "A Matiyasi," anatero, "telala amene anasoka kolala iyi ndikanakonda kumugwira dzanja." Tsiku lotsatira mnzanga uja anatilowetsa m'fakitale ya zovala, mmene makina osokera anandanda mizeremizere, oyenda ndi magetsi, opanda wopalasa ndi phazi. Munthu amene anapalasa makina amodzi moyo wake wonse anavula chipewa ngati walowa m'tchalitchi.

Chachikulu ndinasungira Lamulungu. Tsiku limenelo maofesi ankakhala otseka ndipo ife ndi pamene tinkayesa zikepe. Ndinachonderera Bwana Kaliwo kuti apongozi anga akwere m'kati, ndipo atayamwa kaliwo wake kanthawi anavomera. Titachoka ku Misa tinalowa m'nyumba yaitali ija. Zitseko zitatseka zokha, a Jowakimu anandigwira mkono. Chikepe chitanyamuka anafuula, "Mayo ine, matumbo atsala pansi!" Kenaka anayamba kuseka ngati mwana, misozi ili mbwembwembwe. Titafika pamwamba ndinawatulutsira padenga. Mzinda wonse unali pansi pathu, mitengo ya maluwa ofiirira itandanda m'misewu, magalimoto akuyenda opanda phokoso chifukwa cha kutalika, sitima ikutuluka kutali uko utsi uli pambuyo. Mbalame zinkauluka kunsi kwa mapazi athu. Mkulu uja anasiya kuseka. Anayenda pang'onopang'ono mbali zonse zinayi za dengalo, nachita chizindikiro cha mtanda.

"A Matiyasi, izi anamanga ndi anthu?"

"Anthu ndithu, bambo. Ena mwa iwo ndi a kwathu konkuja."

"Anthu obadwa kwa mkazi?"

"Eya, bambo."

Mphepo inawakupiza jekete. Kenaka ananong'ona kuti, "Tingatsike n'kukweranso?" Tinatsika, tinakwera, tinatsikanso. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kumanga katundu. Pobwerera m'basi analankhula njira yonse, za kolala ija, za makina aja, za mbalame zouluka pansi pa munthu. Koma titafika pa Zambezi, pantoni ili pakati pa madzi, anangoti zii, ndipo sanayankhulenso mpaka ku Mwanza. Ine ndinayesa kuti n'kutopa.

Lamulungu lotsatira mudzi wonse unasonkhana pansi pa mango uja. A Jowakimu anafotokoza za ulendo mwaluso moti ngakhale ine amene ndinali nawo ndinkamvetsera ngati zachilendo. Anaimirira kusonyeza momwe chikepe chimanyamukira, amayi akugwira pakamwa, ana akukuwa. Ndinayang'ana mayi anu n'kuwatsinzinira diso. Kenaka mkulu uja anakhala pansi, naika chipewa pabondo, ndipo mawu ake anasintha.

"Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndinapita kukafuna nyererezo. Zilimo ndithu, zitupa zija ndi makomo akumbuyo, koma nyerere zimenezo kunonso zilipo. Ndikanapeza mzinda woipa, akamwini, ndikanati tengani onse, chifukwa mwana wokulira pamavuto saiwala kwawo. Koma tamverani. Ine nkhalamba ya imvi, nditaima pamwamba paja, ndinaiwala makina anga. Ndinaiwala mbumba yanga. Ndinaiwala ndi manda a amayi omwe. Ndinalakalaka kutsala konko, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Ndinadzakumbuka kuti ndili ndi kwathu tili pakati pa Zambezi. Tsono ngati zinandichita choncho ine, nanga mwana wa zaka zinayi? Makolo athu anasiya mudzi kuseri kwa Mulanje akuti tidzabwerera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwerera. Ife tikudziwa momwe mudzi umathera. Ndiye mawu anga ndi awa. Veronika mutengeni, chitengwa tapereka. Petulo ali kubere, apite, akadzaleka kuyamwa adzabwere. Koma Agnesi atsala. Ameneyu ndiye mbumba ya mawa, malo ano ndi ake."

Kalanga ine! Dzenje ndinakumba ndekha, ndi manja angawa, n'kugweramo ndekha. Ndikanawaonetsa nyumba zogona amuna okhaokha zonunkha zija, ndikanawaonetsa apolisi akugwira anthu opanda zitupa, bwenzi atandipatsa ana onse. Ndinaimirira, chinthu chimene mkamwini sachita pabwalo la eni mudzi, n'kunena mokweza kuti, "Mwanayu ndinabereka ndine!" A Jowakimu anandiyang'ana mopanda mkwiyo, nawomba m'manja mwaulemu, nati, "Inde, akamwini, ndipo tikuthokoza." Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Ndinatenga njinga n'kupalasa osadziwa kumene ndikupita, ndinakazindikira ndili pa Chichiri.

Masabata otsatirawo sindinapalase nawo limodzi njinga. Ndinkadzuka m'mamawa kuti ndiwatsogolere. Ndinapita kwa akatekisiti, amene anandiuza kuti pamaso pa mpingo mutu wa banja ndi bambo, ndipo ndikafuna ndingathe kunyamula mwana wanga n'kukwera naye basi. Zoona, ndikanatha. Koma ndikanatero mayi anu akanakhala munthu wopanda kwawo, woti maliro akagwa pamudzi sangakhale nawo m'nyumba ya siwa. Ndinayesa kudzinyengerera kuti ana ambiri amakulira kwa atsibweni, ndipo amakula bwino. Ndinkati tizidzabwera pa Khirisimasi. Ndikapita kuntchito n'kuyang'ana kachikepe kanga ka nsanjika zinayi, mtima unkandiuza kuti pita. Ndikafika kunyumba iwe Agnesi n'kundithamangira kudzandilanda sipanala m'thumba, mtima womwewo unkatembenuka. Ndinaonda, ine amene ndinali woonda kale.

Mayi anu sananene kanthu masiku onsewo, ndipo ine, mwa kupusa kwa amuna, ndinkayesa kuti kukhala chete n'kuvomera. Loweruka lina masana ndinawapeza atachapa ndi kusita zovala zonse za m'nyumba. Anali atazimanga mitolo iwiri pamkeka. Mtolo waukulu unali wa ife atatu. Pambali panali kamtolo kakang'ono, timadiresi titatu ndi kajuzi kofiira kamene anakulukira okha, ndipo pamwamba pake anaikapo kolona yawo ya pa ukwati. Ndinafunsa kuti kolonayo yalowa bwanji m'katundu wa mwana. Anayankha osandiyang'ana, "Kuti azidzati akaiona azikumbuka kuti anali ndi mayi." Ndinakhala pansi pomwepo. Anapitiriza, mawu ali bwinobwino, "Mukati tipite, ine ndipita, sindikana. Ndidzakuphikirani, ndidzatsegula mpopi wanuwo. Koma musadzandifunse chifukwa chake sindikuseka." Ndinatenga kamtolo kaja, ndinamasula mfundo yake, n'kubwezera timadiresito m'sutikesi mmene tinkakhala.

Bwana Kaliwo atabwera ndinamuuza tili m'chipinda cha injini chomwe chija. Poyamba sanamve. Anayesa kuti ndikufuna Bulawayo m'malo mwa Sozibele. Nditamufotokozera za atsibweni ndi za mwana, anachotsa kaliwo pakamwa n'kumuika m'thumba, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. "Mwana ndi wako kapena wa telala?" anafunsa. Ndinati ndi wanga, komanso ndi wa telala. Anapukusa mutu. "Matiyasi, iwe chitsiru. Udzakalamba ukupukuta kabokosi kamodzi." Ndinati ndamva, bwana. Anatsika masitepe osagogoda pachitsulo, ndipo ukapitawo uja anaupereka kwa mnzanga wa ku Chiradzulu. Sananame mzunguyo. Zikepe zina zinadzabwera mu Kabula, koma mochedwa, tsitsi litayamba kale kuyera, ndipo zotsegula zitseko zokha zija ndinadzazigwiranso nditatsala pang'ono kupuma pantchito. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona makomo a nsanjika aja akundidutsa, ndipo mtima umandipweteka. Musandifunse ngati ndinasankha bwino, chifukwa yankho limasintha malinga ndi tsiku.

A Jowakimu sananene kuti ndachita bwino, ndipo sanapepese. Lolemba lake ndinawapeza akundidikira panjira ndi njinga yawo. Anandigwira malaya ndi zala ziwiri, nati kolala yatha iyi, mubwere nayo. Tinapalasa, iwo patsogolo ine pambuyo. Mpaka imfa yawo, aliyense wokhala pabenchi pakhonde lawo ku Limbe ankamva za mbalame zouluka pansi pa munthu, ndipo akafika pamenepo ankasiya kupalasa makina.

Lamulungu lina chaka chomwecho, titachoka ku Misa, ndinakukweza pa njinga iwe Agnesi n'kupita nawe m'tauni, poti linali tsiku loyesa chikepe. Mlonda anatitsegulira. Unalowa m'kabokosi kaja utandigwira chala, unadziona pakalilole n'kudzipatsa moni. Nditatseka chitseko cha zitsulo n'kudina batani, unakuwa, kenaka unaseka monga anasekera agogo ako aja. Ine ndinali ndisanapume kawiri n'komwe, tinali titafika kale pamwamba, ndipo ndinamva chisoni ndi kufupika kwa ulendowo. Ndinakunyamula kukwera nawe padenga. Kabula yense anali pamenepo, madenga a malata a dzimbiri, msewu umodzi wa phula, ngolo ikutsika cha kumsika, Ndirande uko, Michiru uko, Soche kumbuyo kwathu. Kwa ine zinali zochepa zomvetsa manyazi. Koma iwe unangoti maso tong'o, kukamwa yasa, manja atandikakamira m'khosi. Unayang'ana mbali zonse, ndipo unanong'ona ngati tili m'tchalitchi.

"Ababa, kulinso kwina kotalika kuposa pano?"

Ndinayang'ana chakumadzulo, kumene msewu wa ku Mwanza umalowera m'mapiri. Kenaka ndinakupukuta girizi amene anakudetsa patsaya.

"Kulibe, mwanangu," ndinatero. "Tiye titsike, tikwerenso."